ALT yanga yakwera chonsecho mowa ndinasiya, kodi chiwindi chinatha kale?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 38. Ndinamwa mowa kwambiri kwa zaka pafupifupi khumi, wa m'mabotolo, ma spirit, pena kachasu ndikapita kumudzi. Ndinasiya miyezi 8 yapitayo ndipo sindinalawenso olo dontho. Sabata yatha kuntchito anatiyeza magazi nde pa pepala langa alemba ALT 62, AST 48, GGT 70, zonse zili ndi ka H pambali kusonyeza kuti zakwera. Bilirubin ndi albumin akuti zili bwinobwino. M'thupi simukupweteka paliponse, kungoti ndanenepa chisiyireni mowa. Tulo sindikupeza, ndawerenga pa intaneti za cirrhosis (kuuma kwa chiwindi ndi zipsera) ndi khansa. Kodi chiwindi changa chinaonongeka kale?

Yankho: Achimwene, choyamba mwachita bwino kusiya mowa, miyezi 8 si masewera kwa munthu amene wamwa zaka khumi, ndipo pa zonse zomwe ndilembe pansipa palibe chomwe chikuposa chimene mwachita kalecho. Chachiwiri, manambala mwatumizawa ndi okwera pang'ono chabe. Ma labu ambiri amaika malire a ALT ndi AST pa 40 kapena pafupi pamenepo, nde 62 sanafike olo kawiri pa malirewo. Ife timayamba kuthamanga manambala akapitirira kasanu, kunena kwake 200 kupita m'mwamba, ndipo munthu amene chiwindi chake chatupa mwadzidzidzi chifukwa cha kachilombo kapena wamwa mankhwala opyola muyezo amabwera ndi ALT ya 1,000 kapena kuposa. Inu muli kutali kwambiri ndi kumeneko. Koma sindikuuzani kuti tayani pepalalo mukagone, ayi, chifukwa pali zinthu zingapo zofunika kufufuza ndipo nkutheka kuti mowa umene mukuuopawo siumene wakweza manambalawa.

Tiyambe ndi chomwe ALT ndi AST zili. Awa ndi ma enzyme amene amakhala mkati mwa maselo a chiwindi kugwira ntchito zawo, nde selo likavulala kapena kungokwiya pang'ono amatayikira m'magazi, ku labu nkuwawerenga. Ndiye kuti nambala ija ikukuuzani zomwe zikuchitika masabata ano. Zili ngati utsi, umakuuzani kuti pali moto womwe ukuyaka panopa koma sumakuuzani kuti nyumba inapsa mbali yaikulu bwanji chaka chatha. Ma enzyme amenewa sakhalitsa m'magazi, AST theka lake limakhala litachoka pasanathe tsiku limodzi, ALT masiku awiri, GGT ndi imene imachedwerako, theka lake limatenga masabata awiri kapena atatu ndipo kwa anthu ambiri osiya mowa imakhala itatsika pofika mwezi umodzi kapena iwiri. Mafuta amene mowa umaunjika m'chiwindi nawonso amasungunuka mwachangu, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi munthu atasiyiratu. Nde ngati mwakhala miyezi 8 osamwa ndipo ALT ikadali 62, funso loyenera ndi loti ndi chani chomwe chikukwiyitsa chiwindi panopa, poti mowa wa chaka chatha unatuluka kale kale m'thupi.

Palinso china pa pepala lanulo chomwe chandipatsa mtima pang'ono. Chiwindi chikamavulazidwa ndi mowa nthawi zambiri AST ndi imene imakhala pamwamba, kawirikawiri kuposa ALT kawiri, ndipo chiwindi chikauma ndi zipsera, kaya chinayambitsa ndi chani, AST imakondanso kupitirira ALT. Kwa inu zili mosemphana, ALT 62 AST 48. Izi zokha sizitsimikizira kalikonse koma zimaloza kwambiri ku mafuta a m'chiwindi obwera ndi kunenepa, kapena ku hepatitis B kapena C, matenda a tizilombo totupitsa chiwindi. GGT ya 70 isakuopseni kwambiri, anthu amaidziwa ngati nambala ya zidakwa koma imakweranso ndi kunenepa, shuga, fodya, mankhwala a khunyu monga phenytoin ndi carbamazepine, olo efavirenz.

Ndiye chinthu choyamba chomwe ine ndingachite mutakhala pamaso panga ndi kukuyezani hepatitis B, osadikira. Dzina la test yake ndi HBsAg, ndi kadontho ka magazi ka pa chala ngati mmene timayezera HIV ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Ndikulimbikira apa chifukwa kuno kwathu matendawa ndi ochuluka kuposa mmene anthu amaganizira, kafukufuku amene wachitika m'Malawi muno amapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse, pakati pa 5 ndi 8 ali nako kachilomboka, ndipo ambiri sadziwa chifukwa sikapweteka paliponse kwa zaka makumi. Katemera wake analowa mu katemera wa ana m'Malawi mu 2002, nde inu a zaka 38 munabadwa kusanabwere zimenezo. Anthu akamva hepatitis B amathamangira kuganiza za chiwerewere, inde kamafala njira imeneyo, koma ambiri kuno anakatenga ali ana aang'ono, kuchokera kwa mayi pobadwa kapena posewera ndi anzawo ali ndi zilonda, kubwerekana lezala, kutemera mphini ndi lezala limodzi, zinthu zoti munthu sangazikumbuke nkomwe. Ndiye ikatuluka positive musakayambe kulozana chala ndi akazi anu kunyumba.

Chomwe chimandiwawa pa nkhani imeneyi ndi choti munthu amene ankamwa mowa amangoweruzidwa pompo, aliyense olo iye mwini amangoti ndi mowa uja, nde palibe amaganiza zoyeza china, zaka nkumapita, kachilombo kakudya chiwindi mwakachetechete mpaka munthu amadzabwera mimba itatupa kapena ali ndi chotupa. Chonsecho mankhwala alipo, tenofovir, piritsi limodzi pa tsiku, yemweyo amene ali mkati mwa ma ARV a TLD amene ambiri akumwa pano. Samachotseratu kachilomboka koma amakagoneka pansi, chiwindi nkupuma, ndipo chiopsezo cha cirrhosis ndi khansa chimatsika kwambiri. Si aliyense wa positive amene amayamba mankhwala, zimatengera ALT, kuchuluka kwa kachilombo ndi zipsera, ngakhale mu 2024 bungwe la WHO linafewetsa malamulo ake kuti anthu ambiri aziyamba msanga. Musanayambe tenofovir amayenera kukuyezani kaye HIV, chifukwa kumwa tenofovir yekha uli ndi HIV osadziwa kumapangitsa kuti HIV izolowere mankhwala. Muyezetsenso hepatitis C nthawi yomweyo, iyo ndi yosowerapo kuno koma ubwino wake imachiritsika ndithu ndi mapiritsi a masabata 12.

Tsopano nkhani ya kunenepa imene mwangoitchula modutsa, ine ndikuiona ngati yaikulu. Zimachitika kwambiri kuti munthu akasiya mowa chilakolako cha chakudya chimabwerera, komanso thupi limafuna zotsekemera, nde pamalo pa botolo la mowa pamalowa Fanta kapena Coke mabotolo angapo pa tsiku, sobo, tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi, chipisi cha pachiwaya, nsima mitanda inayi usiku nkukagona. Shuga ndi ufa woyera zomwe thupi silinagwiritse ntchito chiwindi chimazisandutsa mafuta nkuzisunga mwa icho chomwe, mapeto ake munthu amene sanalaweko mowa chibadwire amakhala ndi chiwindi chamafuta chofanana ndi cha womwa. Madokotala ankawatcha matendawa NAFLD, kuyambira 2023 dzina linasintha kukhala MASLD, mukaona mayina awiriwa pa intaneti ndi chinthu chimodzi. M'maiko ambiri ichi ndiye chifukwa chachikulu chomwe ALT imakwerera pang'ono mwa munthu amene akuoneka wabwinobwino, ndipo m'matauni athu muno chikuchuluka limodzi ndi shuga ndi BP.

Tengani tepi ya atelala muyeze mimba podutsa pa mchombo, kwa bambo ikapitirira masentimita 94 ndiye kuti mafuta a m'mimba ayamba kuchuluka. Mukayezetse shuga musanadye kanthu m'mawa kapena HbA1c (test yoonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi), BP, ndi cholesterol ngati mungakwanitse. Mankhwala a chiwindi chamafuta amene amagwiradi ntchito ndi kuchepetsa thupi, 7 mpaka 10 pa 100 ya kulemera kwanu, ndiye kuti ngati mukulemera makilo 85 mukufunika kutaya 6 mpaka 8, pang'onopang'ono pa miyezi ingapo osati kudzikhaulitsa ndi njala sabata imodzi. Zakumwa zotsekemera ndi zoyamba kuchotsa, nsima chepetsani mitanda ndipo ngati mungathe bwererani ku mgaiwa, ndiwo zamasamba, nyemba, usipa zichuluke m'mbale, kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Anthu amene amachitadi zimenezi ALT yawo imatsika mkati mwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Kenako khalani pansi mulembe chilichonse chomwe mwameza miyezi itatu yapitayi, chilichonse ndithu. Mankhwala a TB, makamaka isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amakweza ma enzyme, kuphatikizapo isoniazid amene amaperekedwa pongoteteza TB. Bactrim, fluconazole, nevirapine, efavirenz, mankhwala a cholesterol, diclofenac, onsewa amatha kutero. Ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB chonde musasiye nokha chifukwa cha 62, nambala imeneyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi pamene timaimitsira mankhwala, ndipo munthu wa hepatitis B akasiya tenofovir mwadzidzidzi chiwindi chimatha kutupa moopsa. Panado ndi wabwino mukamamwa pa muyezo, kwa munthu wathanzi malire ndi mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, inu pakadali pano musapyole 6 ndipo musamamwe masiku ambiri motsatizana, kumbukiraninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati.

Za mankhwala azitsamba ndinene mosabisa. Ndikudziwa kuti mukangouza anthu kuti chiwindi chili ndi vuto pabwera wina ndi botolo la zotsuka chiwindi, wina ndi ufa wothira m'phala, wina ndi makapisozi odula ochokera kunja oti detox. Musamwe. Palibe chomwe chinatsimikizika kuti chimatsuka chiwindi, chiwindicho ndi chimene chimatsuka magazi, nde chilichonse mwameza chimakathera kwa icho kuti chivutike nacho, ndipo m'zipatala timalandira anthu maso ali chikasu chifukwa cha zosakaniza zomwe olo wogulitsayo sadziwa muyezo wake. Chimodzimodzi mankhwala okuza minofu a ku jimu ndi ena oti owonjezera mphamvu za abambo ogulitsidwa m'misewu. Ndalama imeneyo bola mukalipire sikani.

Zina ndi zazing'ono koma zimasokoneza zotsatira. AST imapezekanso m'minofu, nde ngati munanyamula zitsulo, kuthamanga mtunda wautali kapena kulima kwambiri masiku ochepa musanayezedwe, manambala amatha kukwera mpaka sabata yathunthu. Malungo kapena matenda ena otentha thupi amene mwangochira kumene amachitanso chimodzimodzi. Ndipo kafukufuku wina wamkulu ku America anapeza kuti mwa anthu amene ALT kapena AST yawo inapezeka yokwera, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse atayezedwanso patapita masabata ochepa inali yabwinobwino popanda kuchita kalikonse. Ndiye kuyeza kamodzi sikokwanira, mudzabwerezenso pakatha mwezi umodzi mpaka itatu, ku labu yomweyo ngati nkotheka, mutapuma masewera olemetsa kwa sabata.

Tsopano tifike pa chomwe chikukusowetsani tulo, cirrhosis. Apa ndikuuzani zoona zake zonse chifukwa kukunamizani sikungakuthandizeni. ALT ndi AST sizingayankhe funso limeneli, munthu atha kukhala ndi chiwindi chouma ndi zipsera ma enzyme ake ali abwinobwino, wina nkukhala ndi ALT ya 100 chiwindi chili chofewa. Zaka khumi za kumwa kwambiri zitha kusiya zipsera, inde. Koma dziwaninso kuti mwa anthu omwa kwambiri, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala ndi mafuta m'chiwindi, pomwe amene amafika pa cirrhosis ndi mmodzi kapena awiri mwa 10, ndipo kawirikawiri amakhala amene anapitiriza kumwa zaka zambiri kapena anali ndi vuto lina pamwamba pake ngati hepatitis B. Albumin ndi bilirubin zanu kukhala bwino zikutanthauza kuti chiwindi chikugwira ntchito yake, chikupanga mapuloteni ndi kuchotsa ndulu bwinobwino, ngakhale pa cirrhosis yongoyamba kumene izi zimathanso kuoneka bwino, nchifukwa chake timayang'ananso kwina.

Kwinako ndi ma platelet, tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti magazi aziundana munthu akavulala. Yang'anani ngati anakuyezaninso full blood count, pali mzere wolembedwa PLT, abwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 400 kapena 450. Chiwindi chikauma magazi amavutika kudutsamo, amabwerera ku kapamba (spleen), kapamba nkukula nkumasunga ma platelet, nde nambala yawo imatsika. Pali kasamu kotchedwa FIB-4 komwe mutha kuwerengera pa foni, mumachulukitsa zaka zanu ndi AST, kenako nkugawa ndi ma platelet ochulukitsidwa ndi square root ya ALT. Tiyerekeze kuti ma platelet anu ndi 250, zaka 38 kuchulukitsa ndi 48 ndi 1,824, square root ya 62 ndi pafupifupi 7.9, kuchulukitsa ndi 250 ndi pafupifupi 1,970, yankho likubwera 0.93. Chilichonse chochepera 1.3 chimatanthauza kuti mwayi woti muli ndi zipsera zambiri ndi wochepa kwambiri. Atakhala kuti ma platelet ndi 120 yankho lingakhale pafupifupi 1.9, pamenepo ndi pakatikati pofunika kufufuza mopitirira, ndipo kupyola 2.67 ndi pofunika kuonana ndi katswiri wa chiwindi mosachedwa. Kasamu aka si kachiweruzo komaliza koma kamathandiza kwambiri kuno komwe makina odula ndi osowa.

Kwa munthu wa mbiri ngati yanu ndingakondenso mutajambulitsa sikani ya pamimba kamodzi, ultrasound, imene imapezeka ku zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni. Imaonetsa mafuta, kukula kwa kapamba, madzi m'mimba, zotupa, ndi chiwindi chomwe chakwinyika, kungoti zipsera zapakatikati imatha kuziphonya. Makina amene amayeza kuuma kwa chiwindi mwachindunji ndi FibroScan, sapweteka ndipo amatenga mphindi zochepa, mukapeza mwayi wake ugwiritseni ntchito makamaka FIB-4 ikatuluka pakatikati. Mukamakajambulitsa muwauze ngati munakulira kunyanja, ku chigwa cha Shire kapena kosambira m'madambo ndi m'mitsinje, chifukwa likodzo la m'matumbo limaikira mazira m'chiwindi nkusiya zipsera zamtundu wake zomwe zimaoneka pa sikani pomwe ma enzyme ali pafupifupi bwinobwino, ndipo mankhwala ake praziquantel ndi osavuta kupeza.

Nanga zitapezeka kuti zipsera zilipo? Sikuti moyo wathera pomwepo. Chiwindi ndi chiwalo chomwe chimadzikonza kuposa china chilichonse m'thupi, zipsera zoyambirira zimatha kuchepa pakapita zaka munthu akachotsa chomwe chimavulaza, ndipo olo amene ali ndi cirrhosis yomwe sinayambe kuonetsa zizindikiro amakhala zaka zambiri akugwira ntchito zawo ngati sakumwanso. Chimasintha ndi choti amafunika sikani miyezi 6 iliyonse kuti chotupa chikayamba chigwidwe chikadali chaching'ono, pena kuunikidwa kummero ndi kamera kuona ngati mitsempha yatupa, kupewa brufen ndi diclofenac, ndi kutsitsa Panado kufika mapiritsi 4 pa tsiku. Ndipo kaya zipsera zilipo kaya palibe, mtedza ndi chimanga zomwe zachita chuku muzitaya osadya, osasinjiranso nsinjiro mtedza wofota ndi wowawa uja, chifukwa poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin akakumana ndi hepatitis B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri.

Zizindikiro zoti musadikire tsiku lobwereza magazi koma mupite kuchipatala tsiku lomwelo ndi maso kapena zikhatho kuchita chikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, mimba kapena miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonunkha kwambiri, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno pafupipafupi, kusokonezeka mutu kapena kugona masana usiku nkukhala maso mosadziwika bwino, ndi kuonda popanda chifukwa. Pa zomwe mwalemba mulibe olo chimodzi mwa izi.

Kusagona kwanuko kukundidetsa nkhawa kuposa 62 yo. Ndaonapo anthu amene anasiya mowa bwinobwino, kenako pepala ngati lanuli nkuwagwetsa mphwayi, mumtima nkumati basi poti chiwindi chatha kale bola ndizingomwa, kapena kumwa kamodzi kuti tulo tibwere. Chonde achimwene musalole maganizo amenewo, ndipo akayamba kubwera uzani munthu, akazi anu, m'bale amene mumamukhulupirira, abusa kapena shehe, kapena dokotala yemweyo amene akuyezani, vuto la nkhawa ndi kusowa tulo lili ndi chithandizo chake. Kuwerenga za cirrhosis pa foni pakati pa usiku siyani kaye, zambiri zomwe mukupeza kumeneko zikukamba za anthu amene manambala ndi zizindikiro zawo zili kutali ndi zanu. Ndipo ngati mukudzifunsa kuti manambala akadzatsika mungadzayambirenso kabotolo kamodzi pa ukwati kapena pa Khirisimasi, yankho langa ndi ayi, munthu amene wamwa mwa mtundu umenewo zaka khumi kabotolo kamodzi sikakhala kamodzi, ndipo chiwindi chomwe chinavulalapo chimavulala msanga kachiwiri.

Nde sabata ino pitani mukayezetse HBsAg, hepatitis C, HIV, shuga ndi full blood count, mutenge pepala la kuntchito lija ndi mndandanda wa mankhwala onse mukawaonetse adokotala, mupemphe sikani, ndipo musawabisire kuchuluka kwa mowa umene munkamwa chifukwa zimawathandiza kusankha zoyeza. Hepatitis B ikatuluka negative funsani za katemera, ndi jakisoni katatu pa miyezi 6. Ikatuluka positive akazi anu, ana ndi abale a bere limodzi nawonso akayezetse, amene alibe abayitse katemera. Zonse zikatuluka bwino ndipo FIB-4 ili pansi pa 1.3, limbanani ndi thupilo ndi zotsekemera kwa miyezi itatu kenako mubwereze ALT, AST ndi GGT. Zikakhalabe zokwera pakatha miyezi 6 mutachita zonsezi, kapena ALT ikapyola 100, pemphani akutumizeni kwa dokotala wa matenda a m'mimba ndi chiwindi kuti akafufuze zifukwa zosowa monga ayironi wochuluka m'thupi kapena chitetezo cha thupi kulimbana ndi chiwindi chake chomwe.